Ndalama Itayamba Kugona M'nyumba mwa Achimwene

Ndili ndi nkhani yokoma moti ikundiyabwa pakamwa. Achimwene anga, amene Connemara yonse inkawadziwa kuti ndalama siwagonera m'thumba, lero ali ndi nyumba ya njerwa zootcha yofoleredwa ndi malata, khola lodzaza mbuzi, ana onse ali pasukulu, ndipo palibenso wogogoda mbandakucha kudzalonjerera ngongole. Ntchito yawo ndi yomwe ija yolowa m'dzenje kukasaka golide. Sanatole mwala wodabwitsa, sanalandire chuma cha masiye, ku Joni sanapondeko. Anaphunzira kudzigwira basi, ndipo ife abale awo chimwemwe chake tikuvina nacho mpaka pano.

Kwa inu amene simunafikeko, Connemara ndi kamudzi ka m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Kwekwe ndi Gweru, kufupi ndi Hunters Road. Chigawo chathu chonse cha Midlands chinakula ndi zam'nthaka: golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, chitsulo cha ku Redcliff, chrome wa ku Shurugwi, asbestos wa ku Zvishavane. Migodi imeneyi ndiyo inakoka makolo athu. Agogo anachoka ku Dedza m'masiku a chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, ali ndi mkazi wawo ndi kamwana kakakazi kumbuyo, kamene ndi mayi athuwa. Ankati akagwire ganyu pang'ono, agule makina osokera, abwerere kumudzi. Makinawo anaguladi, koma iwo anachona ngati anzawo ambiri. Chimene sanataye ndi chilankhulo ndi mpingo. Ntchito ya mpingo wathu kuno inayamba mu 1912 Mbusa Vlok atabwera ku Salisbury, Harare wa lero, kudzatumikira anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo mu 1965 inakhala sinodi payokha, imene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP. Ife tinakulira m'menemo, tikuimba ndi kupemphera m'Chichewa.

Achimwene sanabadwe owononga ayi. Anali kale mnyamata wamkulu mu 2008, chaka chimene ndalama ya dziko lino inathera mphamvu anthu akuona. Chiwerengero cha boma lomwe chinati pofika July chaka chimenecho mitengo inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni, ndipo mu January 2009 kunatuluka pepala limodzi lolembedwa madola 100 thililiyoni. Penshoni ya bambo athu, thukuta la moyo wawo wonse, inafika posagula ndi buledi yemwe. Achimwene anawaona bambo akubwerako kutauni ali duu, jumbo ili pululu, ndipo anatolapo phunziro lawolawo, lakuti wosunga ndalama ndiye chitsiru. Chaka chomwecho cha 2008 ng'anjo za chitsulo za ZISCO ku Redcliff zinazima, ndipo anyamata a ku Torwood, Amaveni ndi Mbizo anakhamukira kumaenje kukakhala makorokoza, okumba golide pawokha. Achimwene analowa nawo, mwambi wawo uli pakamwa: papsa tong'ola, sudziwa mtima wa moto.

Ndalama ya golide ili ndi khalidwe lake. Munthu amatha masabata ali pansi, kuswa mwala, kuukweza ndi chingwe, kudya nsima ya kapenta ya pangongole, osagwira ngakhale kobiri. Kenako miyala ija ipite kuchigayo, aisefe, aigwire ndi mekyuri, aiotche, kutsale kampira kachikasu kakang'onong'ono. Akakaika pasikelo amachotsapo za chigayo, za dizilo, za chakudya ndi gawo la mwini malo, zotsalazo n'kugawana. Zikayenda bwino, tsiku limodzi lomwelo munthu amagwira madola a ku America oposa malipiro a mwezi a anthu ambiri apantchito.

Tsiku lotere achimwene ankadziwika ndi phokoso. Kunyumba sankafika. Ankatsikira kubala n'kulamula kuti aliyense wokhala ndi pakamwa amwe. Nyama iotchedwe, wailesi ikwezedwe, anyamata aziwaimbira mluzu ndi kuwatcha mbinga, kutanthauza mpondamatiki. Mawa lake foni yatsopano, nsapato zoyera, galimoto ya hayala yopita ku Gweru kukangodya nkhuku yokazinga. Zotsala ankabetchera mpira wa ku England pafoni pomwepo. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sabata isanathe foni ija yapinyolitsidwa, nsapato zagulitsidwa, iwo akulowa m'nyumba usiku monyang'ama kudzafunsa alamu ngati kwatsalako mkute.

Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi, denga lake lotsindiridwa ndi miyala ndi matayala akutha. Ankaisunga ndi alamu, amene ankasoka zigamba ndi mayunifolomu pa makina a agogo aja, omwe mayi anawapatsa atalowa m'banja mwathu. Golide akasowa, achimwene ankathamangira kwa a katapila, amene kuno amati chimbadzo: wakongola madola 20, mwezi ukatha ubweze 30, ukalephera awonjezerenso. Ankakongola kwa uyu kuti abweze kwa uyo. Kutchalitchi ankafikako pa Khirisimasi ndi pamaliro, n'kukhala benchi lakumbuyo, mbale ya chopereka ikamadutsa maso ali kudenga.

Zinafika pamapeto chakumathero kwa 2019. Mwana wawo woyamba, mtsikana, anakhoza bwino kwambiri mayeso a Grade 7, ndipo panafunika ndalama yogwirira malo a Form 1. Sabata yomweyo wa katapila anafika ndi wilibala, n'kukweza makina osokera aja alamu akuona, ana akuona, anthu oyandikana nawo akusuzumira. Achimwene anali atagulitsa golide masiku ochepa m'mbuyomo, koma m'thumba munali mbee. Mwanayo sanalire. Anaima patsogolo pawo, pepala la zotsatira za mayeso lili m'manja, n'kufunsa kuti, "Ababa, golide wa sabata yatha uja munkakumbira ndani?"

Analibe poyankha. Anakakhala pamwala kuseri kwa nyumba mpaka kunada.

M'mawa mwake kunabwera mkulu wa mpingo wa mlaga wawo, gogo wina amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki pamgodi. Sanawakalipire. Anangoti, "Tiye, mwana wanga, undiperekeze." Ku Connemara kuli ndende yotseguka, yoyamba ya mtundu umenewu m'Zimbabwe, kumene akaidi a khalidwe labwino amamalizirako chilango chawo akulima ndi kuphunzira ntchito zamanja, osatsekeredwa ngati m'ndende zina. Atafika poonekera minda yake, gogoyo anaima.

"Ukuwaona anthu akulima apowa?"

"Ndikuwaona, agogo. Ndi akaidi."

"Amaloledwa kukaona mabanja awo, n'kubwerera okha tsiku limene anauzidwa. Msewu wa ku Harare ndi uwu, mabasi akungodutsa. Chikuwagwira n'chiyani? Anadziikira malire mumtima chifukwa akudziwa chimene akuyembekezera. Iwe ndiwe mfulu, koma madola akangokulowa m'thumba amakukoka ndi mphuno kupita kumene afuna. Pakati pa iwe ndi iwowa, womangidwa ndani?"

Anakhala pansi pamtengo, gogoyo n'kutsegula Baibulo pa Agalatiya 5, pamene Paulo akutchula chipatso cha Mzimu n'kumalizira ndi kudziletsa. Anati Mkhristu amapempha Mulungu chikondi, mtendere ndi chimwemwe, koma chomalizachi ambiri amachilumpha, chikhalirecho n'chimene chimaoneka pa tsiku lolandira ndalama. Kenako anakumbutsa za Yosefe pa Genesis 41, amene m'zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri ankapatula gawo limodzi mwa magawo asanu kusungira zaka za njala.

Apa achimwene anatulutsa chimene chinawakhala pamtima zaka zonsezi. "Koma agogo, bambo anga anasunga. Zinawathandiza chiyani?"

"Bambo ako anachita bwino, ndalama ndiyo inawagwiritsa fuwa lamoto. Koma tamvera, Yosefe sankasunga mapepala. Ankasunga tirigu."

Achimwene amati mawu amenewa ndiwo anawatsegula m'maso. Anagwada pomwepo, fumbi lili m'maondo, gogoyo n'kuwapempherera. Asanasiyane anapangana malamulo ochepa, osavuta kuwakumbukira ngakhale munthu atatopa. Ndalama isadyedwe tsiku limene yabwera, iyambe yagona m'nyumba. Iwerengedwe patebulo alamu ali pomwepo. Igawidwe isanagwiritsidwe ntchito. Yosungayo isanduke chinthu chogwirika msanga.

Tsiku loyesedwa linafika mwezi usanathe. Atalandira gawo lawo kuchigayo, anapinda madola aja n'kuwalowetsa m'jombo, pansi pa chidendene. Njira yakunyumba imadutsa pabala penipeni. Anyamata atawaona anayamba mluzu uja: "Mbinga yafika! Mbinga yafika!" Fungo la nyama yootcha linali m'mphuno, kummero kuli gwa. Anakweza dzanja kupereka moni, miyendo ikunjenjemera, n'kupitirira. Anafika pakhomo dzuwa likadali m'mwamba. Alamu atawaona nthawi imeneyo, ali bwinobwino osadzandira, mtima unagunda poganiza kuti kudzenje kwachitika ngozi.

"Kwagwanji, bambo a ana?"

"Palibe chagwa, mayi. Tatsekani chitseko, mubweretse kope la mwanayo ndi cholembera."

Anavula jombo ija n'kukhuthulira madola patebulo. Alamu anayang'ana ndalamazo, anayang'ana amuna awo, kenako anagwira pakamwa kuti nthungululu isatuluke n'kuitana mudzi wonse. Inatulukabe! Anapemphera, anaika ndalamazo pansi pa Baibulo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni ndalama ya golide inagona m'nyumba imeneyo mpaka kucha.

Kutacha anaigawa. Pa madola 10 aliwonse, imodzi ndi chakhumi, awiri ndi osunga monga anachitira Yosefe, atatu a ngongole ndi fizi, atatu a chakudya ndi zofunika m'nyumba, imodzi ya m'thumba mwa achimwene kuti achite nayo chimene afuna popanda wowafunsa. Yomalizayi anaumirira ndi gogo uja, amene anati munthu womanidwa zonse sachedwa kuswa pangano. Alamu anajambula mizere m'kope muja, ndipo chilichonse chotuluka, ngakhale mchere ndi machesi, chinayamba kulembedwa.

Tsamba loyamba la kopelo linali la ngongole. Analemba onse amene anawakongola, mndandanda unatsika mpaka m'munsi mwa pepala. Achimwene anayenda khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja, kuuza aliyense kuti abweza liti ndiponso motani. Anayamba ndi a katapila chifukwa ngongole yawo ndi imene imabereka usiku ndi usana. Amayi a Chigwirizano anasonkherana kuti mwana uja asataye malo a Form 1, ndipo nayonso inalembedwa m'kope kuti idzabwezedwe. Tsiku limene makina osokera anabwerera, achimwene anabwereka wilibala yomwe ija n'kuwakankha okha masana dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pabala, ana akuthamanga pambuyo. Alamu anawapukuta, anawathira mafuta, ndipo usiku umenewo phokoso la makina linamveka mpaka nkhuku zoyamba.

Sikuti njira yonse inali yosalala. Pa Khirisimasi ina anzawo anawagonjetsa, ndalama ya mbuzi inathera kubala. Chosiyana ndi kale n'chakuti m'mawa mwake anatenga okha kope lija, analemba ndalama yonse imene inaonongeka, anapepesa alamu ndi Mulungu, n'kuyambiranso. Bodza ndi kubisa zinali zitatuluka m'nyumba, ndipo ndi zimene kale zinkasandutsa kugwa kwa tsiku limodzi kukhala kwa mwezi wathunthu.

Nzeru ya tirigu wa Yosefe ndiyo inawanyamula kwambiri, chifukwa ndalama ya dziko lino yasinthasintha tikuona. Mu 2016 kunabwera ma bond note, mu February 2019 dola ya RTGS, mu April 2024 ZiG, imene mu September chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi. Achimwene kusintha komalizaku sikunawagwedeze. Gawo losunga likangokwana, alamu ankagula thadzi la nkhuku, kenako mbuzi yaikazi, kenako thumba la simenti, lata limodzi, chitseko. Chimanga ankagula nthawi yokolola chikatsika mtengo, n'kuchithira mankhwala. Fizi ankalipiriratu teremu isanayambe. Alamu analowa mukando, umene kumudzi amati chipereganyu, ndipo ulendo wawo wolandira ukafika ndalamayo inkapita molunjika kwa oumba njerwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo: khoma linakwera, mawindo analowa, ndipo padenga pakhala sola imene ana amawerengera usiku.

Chilala cha 2024 chitafika, chija Pulezidenti Mnangagwa analengeza mu April kuti ndi tsoka la dziko lonse, m'nyumba mwa achimwene moto sunazime. Anadya chimanga chosunga chija, anagulitsako mbuzi zingapo, ndipo anali ndi kotapa kukapatsa amayi ena amasiye a mumlaga mwawo. Munthu amene kale ankagulira mowa bala yonse kuti atamidwe, tsopano amanyamula ndowa ya ufa madzulo kukasiya pakhomo pa wosowa popanda womuimbira mluzu, ndipo amabwerako nkhope ili ngwee.

Chimene chimandisangalatsa koposa nyumba ndi mbuzi n'chakuti kusunga kwateteza moyo wawo. Aliyense kuno akukumbukira za February 2019, pamene madzi anasefukira m'migodi ya ku Battlefields, pakati pa Kwekwe ndi Kadoma, n'kupha anthu oposa 20. Nyengo ya mvula nthaka imafewa, maenje amagumuka ndi kudzaza madzi, koma munthu amene wa katapila akumudikira pakhomo amalowabe. Kale achimwene ankalowa, ife kugona kwake kunali kwa maso. Lero mvula ikalimba amakhala kumunda ndi kukhola, chifukwa chakudya cha miyezi imeneyo anachikonzeratu. Anagula chipewa cholimba, tochi yabwino ndi chingwe chatsopano. Amakumba pamalo olembetsedwa, ndipo golide wawo amapita kwa ogula ovomerezeka a Fidelity Gold Refinery, n'kubwerako ndi lisiti limene alamu amamata m'kope.

M'dziko muno tamvapo maulaliki olonjeza ndalama zozizwitsa zongopezeka m'thumba kapena mu akaunti. Ine chozizwitsa chimene ndachiona ndi maso anga ndi ichi: mwamuna wamkulu kudutsa pabala madola ali m'jombo n'kukafika kwa mkazi wake. Mulungu sanachulukitse golide wa m'dzenje mwawo. Anawapatsa mtima watsopano pa golide yemweyo, n'kuwazunguliza ndi anthu owathandiza, gogo wowauza zoona, mkazi wodziwa kulemba mizere, amayi a mpingo odziwa kusonkha. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo tamvani zokoma zake! Mtsikana uja analemba mayeso a Form 4 a ZIMSEC mu 2023 n'kukhoza, ndipo akupitiriza sukulu. M'kope muja munali tsamba lina limene achimwene sanatiuze, lolembedwa pamwamba kuti Dedza. Litadzaza, anakonza mapepala oyendera n'kuuza mayi kuti amange katundu. Anakwera basi ku Harare, kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pamlatho wa ku Tete, mpaka kulowa m'Malawi pachipata cha Dedza. Mayi anachoka kumeneko ali kumbuyo, anabwererako ndi imvi. Ataona phiri la Dedza anayamba kuimba m'basi momwemo. Kumudzi kunali nthungululu, mfuu ili yakuti machona abwera, mbatata ya kachewere ili pamoto, nkhalamba zikukumbutsana mayina a amene anapita osabwerera. Mayi anamasula chikwama n'kugawira abale madiresi ndi malaya osokedwa pa makina omwe aja amene agogo anagula kuti adzapite nawo kwawo. Atabwerako anakhala sabata yathunthu akusimba, ndipo mpaka lero sanamalize.

Chinanso ndi ichi. Ife ochokera ku Malawi kuno tili ndi mabungwe a maliro, amene makolo athu anayambitsa m'makomponi kuti mlendo akafa kutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Bungwe la achimwene litakhala pansi kusankha msungichuma, manja anakwera kuloza iwo. Munthu amene kale sakanamutuma ndi dola imodzi kukagula machesi, lero ndiye amasunga buku ndi bokosi la anthu onse, ndipo pamsonkhano amawerenga malipoti ake mpaka kasenti komaliza. Anyamata ena a kudzenje, kuphatikizapo awiri mwa oimba mluzu aja, amabwera madzulo ndi makope awo kuti alamu awajambulire mizere.

Tsono inu amene mukuwerenga, kaya mumakumba golide ku Kwekwe, kaya mumalandira ya fodya kamodzi pachaka ku Kasungu, kaya mumagwira maganyu ku Johannesburg, musadikire kuti ndalama ichuluke kuti muyambe kuilamulira. Ikabwera ulendo uno, pitani nayo kunyumba isanagwe ndi imodzi yomwe. Igone. Muiwerenge pamodzi ndi a kunyumba kwanu, mupatule ya Mulungu, mupatule yosunga, mulembe ngongole zanu zonse osabisako. Pezani munthu woopa Mulungu amene angakufunseni za kope lanu mopanda mantha, ndipo m'mapemphero anu muzitchula kudziletsa monga mumatchulira chakudya cha lero. Achimwene anga anayamba ndi kope la mwana wasukulu ndi cholembera chimodzi. Inunso yambani mwezi uno.